Ndinafufuza mwana amene sanalire

Inu owerenga, chidwi changa chinachititsa manyazi mayi wosalakwa, ndipo chinayambira pa filimu.

Ndimagwira ntchito ku Kanengo, ndimachita lendi ku Area 25. Nditatenga tchuthi ndinalibe kopita, ndiye mnzanga anandiikira filimu m'foni. Inali ya mayi wolemba mabuku a zaupandu amene anapita kukapuma kunyumba ina yakutali. Kumeneko ankangopenyetsetsa anthu, kulumikiza tinthu ting'onoting'ono, mpaka anatulukira kuti m'nyumbamo munaphedwa munthu. Ndinaibwereza mpaka batire kutha. Chinandikoka si kuphanako ayi, koma maso a mayiyo. Ndinadzifunsa kuti kodi ine papoloti pathu pano ndimaphonya zingati?

Ndinayamba kukhala pawindo. Khomo loyandikana ndi langa linali la a Mbewe ndi akazi awo a Nabanda, omwe ndinkawaitana kuti alamu. Anali ndi pakati potopa. Tsiku lina anathamangira nawo kuchipatala, kenako anabwerako mimba itaphwa, manja ali lende. Mwana osalira, matewera osayanikidwa. M'mamawa wina ndinaona amayi achikulire akutuluka ndi kanthu kokulunga m'chitenje, wina atanyamula khasu, opanda nyimbo, opanda kulira. Ndivomere, ndinasangalala, poti filimu yanga inali itayamba.

Ndinafunsa a Mbewe kuti alamu ali bwanji. Anangoti, “Ali bwino, achimwene,” maso ali pansi. Ine ndinati mwaona, akubisa. Ndinanong'oneza wometa tsitsi wa pamsewu, ndipo mukudziwa kuti pometera nkhani sigona. Pofika madzulo inali itamera miyendo, akuti banja lija lagulitsa mwana kwa asing'anga. Anyamata a chitetezo cha m'dera anafika, anthu anadzaza poloti, wina analoza ine kuti ndine amene ndinaona zonse.

A Nabanda anatuluka atatsamira chitseko, akuyenda movutika. Sanakalipe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Alamu, mwanayo anabadwa atafa kale. Mumafuna ndibwere ndidzakuuzeni ndekha?”

Mayi wina wa kumpingo kwawo ndi amene anandikokera pambali. Anati mwana wotere amatchedwa nthayo, amakaikidwa ndi amayi okhaokha, salira maliro, sauza anthu, kuti mayi wake asamafunsidwefunsidwe pamene bala lili laliwisi. Ine wobadwira m'tauni, wosakwatira, izi ndinali ndisanazimvepo. Chete amene ndinamuyesa umboni anali chifundo cha amayi anzake, ndipo ine ndinamuswa pamaso pa gulu. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Ndinapita kukapepesa. A Mbewe anandilandira, anandipatsa mpando, koma maso awo sanandikhululukire, ndipo sindiwadandaula.

Abale anga, safunsa anadya phula. Ndikanafunsa mayi mmodzi wachikulire, nkhaniyi ikanathera pakhonde. Filimu ikatha, ochita sewerowo amasamba n'kupita kwawo, koma anansi anu alibe kwina kopita. Mukaona anthu akhala chete, musathamangire kuganiza kuti akubisa mlandu; ena amakhala akubisa misozi. Ndipo chimene simukuchidziwa musachitengere pometera, chifukwa madzi akatayika sawoleka.

Choonadi chinamveka papoloti pathu pokha. Bodza langa linafika mpaka kumsika, komwe mpaka lero a Nabanda akamadutsa, pali amayi ena amene amakokera ana awo pafupi.