Kambalame ka Mchira Wautali ku Winterveld

Anandilanda sukulu ndili Fomu 2. Amalume, alongo awo a amayi, anabwera ku Machinga nkunena kuti andipititsa ku Joni ndikawalondere nkhuku chaka chimodzi. Mwana wawo anamusiya kwa amayi kuti azidya ndi kuphunzira kwathu. Mwini mbumba satsutsidwa, ndiye ndinakwera basi.

Ku Winterveld, komwe kunali nkhukuzo, ndinkakhala kuseli kwa makola, pafupi ndi mitengo yaminga. Mvula itakhazikika, pa waya wa mpanda panayamba kutera kambalame kakuda, kofiirira pachifuwa, kachikasu m'khosi, mchira wautali kuposa dzanja langa. Kakauluka kankaoneka ngati kakukoka nsanza. Kakazi kake kanali kotuwa ngati mpheta wamba. Sindinaone kalikonse katanyamula udzu womangira chisa.

Tsiku lina ndinaona kakaziko kakulowa m'chisa cha timbalame tina, tobiriwira kumsana, tatimuna tofiira kumaso. Eni ake anali atapita kukadya. Kanatuluka mwamsanga nkuthawa. Ndinawerenga mazira: dzulo lake anali anayi, tsopano asanu, onse oyera.

Ndinadikira kuti aswe. Cholinga changa chinali chimodzi: kuchotsa mlendoyo nkuponyera mphaka. Tiana titamera nthenga pang'ono ndinagwedeza chisacho, tonse tinayasamula. M'kamwa mwake munali madontho ofanana, kulira kofanana. Ndinatola kamodzi, ndinakabweza. Ndinatola kena. Palibe komwe kanakankhira kanzake pansi. Makolowo ankangobwera ndi njere, kudyetsa tonse tisanu, osasankha, ataonda.

Amalume anandipeza ndili pomwepo.

“Iwe, nkhuku zamwa madzi?”

“Zamwa. Amalume, chaka chija chinatha kale.”

“Eish, sukulu sithawa. Mbale wako akangolemba mayeso, nawenso upita.”

“Akudya kwa amayi.”

“Nanga iwe ukudya kwa ndani?”

Ndinasiya chisacho mmene chinalili.

Nyengo yozizira ya kuno itafika, kambalame kakamuna kaja kanathothoka mchira nkusanduka kotuwa ngati tinzake. Ndinkakafunafuna pakati pa mpheta zotola gaga, osakazindikira. Mvula itabwerera, mchira unameranso, nyimbo yake ili yobwereka kwa eni chisa aja.

Ndinauona mchirawo ukumera katatu. Msuweni wanga analemba mayeso, anakhoza, anapita ku Blantyre. Sindimuda, iye anangoyasamula. Koma amalume ali ndi zanga: Fomu 3 ndi Fomu 4, zaka ziwiri.