Kompyuta imene ababa anaisokera malaya

Ababa ndi telala, ndipo kwathu ku Kanyama palibe chinthu chokhala chosavala. Wailesi ili ndi malaya ake, makina osokera ali ndi ake, ngakhale botolo losungira tiyi. Choncho nditagula kompyuta yakale kwa anthu ena amene ankatseka ofesi yawo m'tauni, sipanathe sabata, ababa anali atayeza kale bokosi lake ndi tepi. Anaisokera malaya a nsalu yokhuthala ya makatani, othina bwino mbali zonse, nkungosiya kabowo ka batani ndi kena kotulukira zingwe. Ine ndinawathokoza. Fumbi la kwathu si lamasewera.

M'kompyutamo munali mawu a amayi. Ndinkawajambula pafoni akadali bwino: akuimba, akufotokoza za kwawo ku Malawi, akundikalipira. Zidutswa zake zinali zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinazikopera m'kompyutamo. Kenako anadwala sitiroko, pakamwa nkutsekeka, ndipo foni ija anandibera m'minibasi. Amayi ali moyo, amakhala pampando pafupi ndi zenera nkumatiyang'ana, koma mawu awo anatsala m'bokosi lija basi. Lachisanu lililonse ababa akachokera ku mzikiti ankakhala pambali pawo nkundiuza kuti, "Tayatsa timve amayi ako." Zosunga mawuwo kwina ndinkangoti ndichita mawa. Mawa ameneyo ndimadana naye mpaka lero.

Mavuto anayamba mu Okutobala, malata akuotcha mpaka mutu kuwawa. Ndikulemba kalata Lolemba masana, galasi la kompyuta lonse linasanduka labuluu, kompyuta nkuzima. Ndinatukwana magetsi, poti kwathu amabwera ndi kupita mmene afunira. Koma babu linali likuyaka. Ndinayatsanso, inayenda pang'ono, nkuzimanso. Lachiwiri inangoonetsa chizindikiro chake choyambira, kenako mdima.

Sindinauze munthu. Ababa akakhala pakhonde ndi makina awo, ine ndinkalowa mwakachetechete nkudina batani lija. Ndinasintha soketi, ndinazula zingwe nkuzibwezera, ndinaimenya mbama pambali, ndinaipempha ngati munthu. Tsiku lililonse ndinkaiyatsa mwina kakhumi, ndipo nthawi iliyonse inkafa msanga kuposa poyamba. Amayi ankandiona ndikulowa ndi kutuluka, maso awo akunditsatira, ndipo ine ndinkawazemba chifukwa ndinkaona ngati akudziwa.

Lachisanu m'mawa inayamba kulira mkati, ke, ke, ke, ngati wotchi yakale. Ababa atangovala mkanjo wawo nkunyamuka kupita ku mzikiti, ndinathamangira kwa aneba, mayi wa ku Kitwe amene amagwira ntchito ya makompyuta m'tauni. Mwamwayi anali patchuthi, ndinawapeza akuchapa. Anabwera manja akadali onyowa, atanyamula laputopu yawo ndi kafulashi kosungiramo zinthu.

Atangoona bokosi lija anaima pakhomo.

"Nanga ivi ni vichani mwaivalika?" anandifunsa m'kalankhulidwe kawo ka m'tauni.

"Ndi malaya ake. Anasoka ababa, kuteteza fumbi."

"Mwana wanga, manje izapuma bwanji?"

Anaivula malaya aja nkundionetsa timabowo tambirimbiri kumbuyo ndi m'mbali, timene ine sindinatilabadirepo. Anati m'menemo ndi motulukira mpweya wotentha, ndipo kompyuta ikatenthedwa imadzizimitsa yokha kuti isapse. Titamasula chitsulo cha pambali, ndinachita manyazi. Mkati munali thonje la fumbi ndi timaulusi ta nsalu, chopemerera chake chitaphimbika moti sichinkaoneka. Tinaitulutsa panja nkuipopa ndi pampu ya njinga, iwo atagwira chopemereracho ndi chala kuti chisazungulire. Tinatsokomola tonse.

Titaibwezera m'nyumba, anandifunsa funso limene ndinkaliopa. "Kuchokela pamene inayamba, mwaiyasha kangati?"

Ndinanama kuti kawiri. Anandiyang'ana osaphethira, ndipo ndinanena zoona.

Sanandikalipire, ngakhale ndikanakonda atatero. Anangondifotokozera kuti mkatimo muli kambale kozungulira kamene kamasunga zonse, ndipo kompyuta ikazima mwadzidzidzi kambaleko kali pantchito, kamavulala. Kulira kuja kunali kwa kambaleko. Anati mwina iyaka kamodzi kokha, ndipo ikayaka tisachite china chilichonse koma kukopera mawuwo pafulashi.

Ndinakanika kudina batani. Aneba anadina okha. Chizindikiro chija chinabwera nkukhala pagalasi nthawi yaitali, ine nditagwada pansi ndikupemphera chamumtima. Amayi anali kumbuyo kwathu pampando wawo, ndipo ndinkamva kupuma kwawo. Kenako inatseguka. Ndinaloza pamene panali mawuwo, aneba anasankha zidutswa zonse nkuyamba kukopera. Kamzere kobiriwira kanayamba kuyenda pang'onopang'ono. Chidutswa choyamba chinadutsa. Chachiwiri chinafika pakati nkuima. Ke, ke, ke. Galasi linada.

Tinayesa kawiri, kenako aneba anandigwira dzanja kuti basi. Pambuyo pake tinapita nako kambaleko kwa okonza awiri m'tauni, onse anangopukusa mutu, koma ine ndinali nditadziwa kale tsiku lomwelo.

Ababa anabwera dzuwa litapendeka. Anapeza kompyuta ili yotsegula ndipo malaya ake ali pansi. Anawatola, kuwakutumula, nkufunsa chimene chachitika. Aneba anafotokoza mwaulemu za timabowo tija. Ababa anatembenuza malayawo nkuyamba kuyang'ana msoko, ngati kasitomala wawabwezera chovala.

"Ine ndinkati ndikuiteteza," anatero motsitsa mawu.

Ndivomere pano kuti ndinatsala pang'ono kukhala chete. Mlandu unali utapeza kale mwini wake, ndipo aneba sakanandiulula. Koma ababa anali ataima pamenepo ndi nsalu ija m'manja, akuopa kuyang'ana mkazi wawo. Ndinawauza zonse: kuti ndinabisa sabata yathunthu, kuti ndinkaiyatsa mobwerezabwereza ikuvulala, kuti zaka zonsezi sindinasunge mawuwo kwina chifukwa cha ulesi. Ndinayembekeza kuti andilalatira. Iwo anakhala pansi pafupi ndi amayi, pamalo pawo pa Lachisanu.

"Chatsala chilipo?" anafunsa.

"Chimodzi, ababa. Sindikudziwa kuti ndi chiti."

"Tayatsa timve."

Aneba analowetsa fulashi mu laputopu yawo. Ndinkapempha kuti ikhale nyimbo, kapena nkhani ija ya kwawo kwa amayi yotchula mayina a makolo awo, imene palibe wina aliyense akuidziwa. Koma chinali chidutswa chachifupi kuposa zonse. Kunamveka phokoso la mbale, kenako mawu a amayi, amphamvu, okwiya pang'ono:

"Iwe, chotsa chimenecho. Ukundijambuliranji ndisanamange duku? Ulibe ntchito eti?"

Kenako kuseka kwawo, nkuthera pomwepo.

Amayi anakweza dzanja lawo lamanzere, lokhalo limene limagwira ntchito, pang'onopang'ono mpaka kumutu, nkugwira duku lawo kuona ngati lili bwino. Ababa anawakonzera mbali imene linapendekeka.

"Bwerezanso," anandiuza osatembenuka.