Ndinawomba M'manja Ndisanamve Malipiro

Ntchito ya ku esiteti ya tiyi anandipezera ndi azakhali anga. Iwo anayamba kutchola tiyi ine ndisanabadwe, ndipo zala zawo zinali zakuda, zong'aluka ngati chidendene. Chaka chimene banja langa linatha, mvula yoyamba itangogwa, anabwera kwathu kufupi ndi Chinakanaka n'kundipeza pakhonde ndili ndwii, mwana wanga Chisomo akusewera pansi.

"Iwe Alinesi, ukhala ukulira mwamuna mpaka liti? Ku esiteti akulemba anthu. Mawa tilawirire."

Ndinapita, ndinaima pamzere pageti, kalaliki anandiyang'ana manja n'kundilemba dzina.

Anthu odutsa pa minibasi amaona ngati kutchola tiyi n'chimodzimodzi kuthyola ndiwo kudimba. Amanama. Umamanga chipulasitiki chokhuthala m'chiuno kuti nthambi zisakung'ambire chitenje, dengu kumsana, ndipo ndodo yaitali umaigoneka pamwamba pa mitengo kuti ikuonetse msinkhu. Zimene zapitirira ndodo ndi zimene umatchola, masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri nthawi imodzi, n'kumaponya kumbuyo osacheuka. Ukasakaniza tsamba lokhwima, kapitawo, amene amayang'anira gulu, amakukhuthulitsa dengu pashedi kuti usankhe anzako akupita kusikelo. Tsiku lililonse lili ndi mlingo wake wa makilo. Ukaukwanitsa walandira ndalama ya tsiku, ukaupitirira kilo iliyonse yapamwamba ili ndi ndalama yake. Nyengo ya mvula tiyi amaphuka ngati wapenga, ndipo ndalama yapamwambayi ndi imene imagula malata ndi kulipira sukulu. Chilimwe timangodya, basi.

Manja anga anali othamanga, izi sindibisa. Zaka zinapita, Chisomo anakula mpaka kulowa sekondale, ndipo fizi yake inkachokera m'dengu langa, mvula ndi mvula.

Ndiye kapitawo wathu anapuma ntchito chifukwa cha ukalamba. M'mawa wina kumayambiriro kwa mvula, tonse tili pashedi kudikira kugawiridwa mizere, a manijala a divishoni yathu anafika pa njinga yamoto atanyamula thumba. Anakweza dzanja kuti tikhale chete.

"Kuyambira lero, kapitawo wa gulu lino ndi mayi Alinesi."

M'thumbamo anatulutsa jasi la mvula lachikasu, majombo ndi wezulo. Amayi anaimba nthungululu, azakhali anga anavula mpango n'kuyamba kuvina m'matope. Nanga ine ndikanatani? Kwathu kuno munthu wamkulu akakupatsa chinthu pagulu, umagwada, kuwomba m'manja, n'kulandira ndi manja awiri. Sufunsa kuti m'kati muli chiyani. Ndinagwada, ndinawomba, ndinati zikomo bwana mpaka mawu kusasa.

Mnzanga wa mzere woyandikana, Abiti Saidi, mayi wosadziwa kubisa mawu, anandikodola tikupita kumunda.

"Za ndalama wafunsa?"

"Aaa, iwenso! Pagulu pomwe paja?"

"Chabwino, bwana kapitawo. Safunsa anadya phula."

Ndinaseka. Ndinkaganiza kuti udindo ukakwera malipiro amatsatira okha, monga mwana atsatira amake.

Ntchito ya ukapitawo ndi ya munthu wofika woyamba ndi kuchoka womaliza. Ugawe mizere, uone kuti msinkhu wa mitengo sukuwonongeka, upise dzanja m'dengu la aliyense kufufuza tsamba lokhwima, uweruze ndewu za pasikelo. Thirakitale ikachedwa, masamba amatentha m'matumba n'kufiira, fakitale imawakana, ndipo wokalipiridwa ndiwe. Anzanga amene ndinkadya nawo chinangwa chimodzi anayamba kusiya nkhani ndikayandikira. Zonsezi ndinazivomera. Chimene sindinavomere chinabwera pa foni tsiku la malipiro: ndalama ya tsiku ya wotchola, yopanda kanthu pamwamba, chifukwa kapitawo satchola ndiye alibe makilo. Anthu amene ndinkawaimbira wezulo anali kulandira kuposa ine.

Ndinafunsa a manijala pamsewu. "Zikukonzedwa," anatero, njinga osaimitsa n'komwe. Malipiro ena anafika, chimodzimodzi. "Zili ku ofesi yaikulu." Kutchalitchi anali atandiika kale mu komiti ya zomangamanga, poti ndine bwana. Abale amene sanandiyenderepo banja litatha anayamba kukumbukira njira ya kwathu. Mvula ikupita, tiyi akuphuka, makilo akulowa m'madengu a ena, ndipo kusukulu anamuuza Chisomo kuti teremu ikubwerayi asadzafike chimanjamanja. Ndinadziwa kuti mvula imeneyi ikandidutsa ndili ndi wezulo pakamwa, mwana akhala pakhomo.

Tsiku limene sindidzaiwala ndinapita ku ofesi titangomaliza sikelo ya masana. Ndinadikira pabenchi panja mpaka majombo anauma matope. Atandiitana ndinawapeza a manijala akudya chinanazi ndi mpeni, madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono, ntchentche zili ng'waa patebulo. Mpando unalipo, koma sanandiuze kuti ndikhale.

Ndinali nditakonzekera mawu anga bwinobwino, aulemu.

"Bwana, ndabwera pa nkhani ya malipiro. Ntchito munandisintha, koma ndalama ikubwera ya wotchola, yopanda makilo. Ndikupempha kuti malipiro afanane ndi ntchito imene ndikugwira."

Anatafuna kaye, n'kulavulira khoko m'dzanja.

"Amayi, mutu ukakula sulewa nkhonya. Udindo ndi ulemu."

"Ulemuwo kusukulu salandira, bwana."

Anaseka, chinanazi chili m'mano. "Inu mukungogwirizira mpando. Ku ofesi yaikulu mukadali wotchola. Tikuoneni kaye chaka chino, za malipiro tidzakambirana mvula ikubwerayo."

"Nanga bwanji simunanene zimenezi tsiku lija?"

"Munafunsa?" Anapukuta mpeni pa thalauza. "Ine ndinaona munthu akugwada, akuwomba m'manja. Gulu lonse ndi mboni. Munthu wathokoza kale, lero abwerenso kudzanenerera mtengo ngati tili pamsika? Kwanu amatero? Ndipo jasilo ndi majombowo mukuona ngati n'zotola?"

Bamboyu sanali mlendo woti sadziwa khalidwe lathu. Anali mwana wa konkuno, wobadwira kuseri kwa phiri lomweli, amake anamuphunzitsa kugwada monga anandiphunzitsira amayi anga. Ankadziwa bwino lomwe kuti mzimayi wa kuno sangafunse za ndalama azakhali ake akuvina, ndipo n'chifukwa chake thumba lija sanandipatsire mu ofesi. Anatenga ulemu umene tinaleredwa nawo n'kuusandutsa chingwe chondimangira. Wakuba wa pa depoti ndi wabwinoko, amathawa akaba. Uyu anakhala phee n'kumanyambita zala.

Kenako anabaya chidutswa cha chinanazi ndi nsonga ya mpeni n'kundilozetsa.

"Tengani, muziziritse mtima."

Manja anga ndinawaika kumbuyo. Chibadwire ndinali ndisanakanepo chinthu chimene munthu wamkulu wandipatsa, koma tsiku limenelo sindinalandire. Ndinatuluka osatsazika.

Nditafika kunyumba ndinatsuka majombo aja mpaka kuwala, jasi ndinalipinda bwino. M'mawa pashedi, anthu onse atasonkhana, a manijala akutsika panjinga, ndinapita pamalo omwe aja n'kugwada. Ndinawomba m'manja monga poyamba, n'kupereka jasi, majombo ndi wezulo ndi manja awiri.

"Bwana, munandipatsira pagulu, ndikubwezeraninso pagulu. Malipiro a ukapitawo akadzakonzedwa mudzandiuze. Zikomo."

Panalibe nthungululu tsiku limenelo. A manijala anayang'ana uku ndi uku, koma munthu wagwada sungamusiye manja ali m'mwamba, iwonso mwambo unawagwira pakhosi. Analandira. Azakhali anga anafunda mpango kumaso n'kuchokapo, ndipo anatha nthawi yaitali osandilankhula. Iwo anatchola moyo wawo wonse osapatsidwa wezulo, ndiye kwa iwo ndinali nditataya chinthu chimene banja lathu linali lisanagwirepo. Abiti Saidi yekha anabwera, dengu langa lakale lili m'manja.

"Ndinakusungira. Phula uja wakoma bwanji?"

Musaganize kuti ndinapambana. A manijala anaonetsetsa kuti ndizipatsidwa mizere ya kumtunda, kotsetsereka, kumene mitengo ndi yokalamba ndipo masamba ndi ochepa. Mvula inali itatsala pang'ono kutha. Ndinatchola mpaka zala kutuluka magazi, koma makilo a nyengo yonse sungawabweze m'masabata omaliza. Chisomo anakhala pakhomo teremu yathunthu, akuthyola nandolo m'munda anzake akudutsa ndi yunifolomu. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero.

Chonyansa kwambiri chinabwera pambuyo. Pampando panga anaikapo bambo wina wochokera ku divishoni ina. Iyeyu anayamba waitanidwa ku ofesi, chitseko chotseka, ndipo anakana kugwira wezulo asanamve malipiro. Anampatsa malipiro a ukapitawo mwezi woyamba womwewo, ndi njinga yakapalasa pamwamba. Anatiuza yekha pasikelo, akudzitama. Ndalamayo inalipo nthawi yonse ija ndinkauzidwa kuti zikukonzedwa. Jasi limene anavala linali lomwe lija ndinapinda ine.

Ndikadali wotchola, ndipo zala zanga tsopano zafanana ndi za azakhali. Kugwada sindinasiye, ndine mwana wa kuno. Kumaliro, kuukwati, kwa apongozi, ndimagwada ndi mtima wonse. Koma ntchito si mphatso, ndi malonda a thukuta, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chisomo anabwerera kusukulu mvula yotsatira, anamaliza, ndipo pano amagwira ntchito m'sitolo ina yaikulu pa Chitakale. Posachedwapa anandiimbira foni mawu ali m'mwamba.

"Amayi, abwana akuti andichotsa kosanja katundu m'mashelefu andiike pa kauntala yolandirira ndalama! Alengeza mawa pamaso pa antchito onse."

Ndinatula dengu pansi pakati pa mzere.

"Wawomba kale m'manja?"

"Ayi, bwanji?"

"Pita lero lomwe, wekha, utseke chitseko. Uwafunse mwaulemu kuti pa kauntalapo malipiro ndi otani, ayamba mwezi uti, ndipo akulembere. Manja uwaike kumbuyo mpaka atchule."

"Amayi, si mwano umenewo?"

"Mwano ndi teremu ija unakhala pakhomo. Akatchula, mwanawe, udzawombe mpaka kumalire ku Muloza amve."