Mipando ya Makatoni ya a Belita

A Belita a ku Kaduya anapindika msana asanakwane zaka makumi anayi. Unapindika ndi kubereka mwana mmodzi kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

Mwanayo anali Rozaria. Anabadwa bwinobwino mu 1994, ndipo anali atayamba kuyenda chogwira khoma pomwe malungo anamugwira. Anakomoka masiku anayi kuchipatala. Atatsitsimuka khosi linali lofooka, miyendo youma, mawu atapita. M'mudzi anthu anayamba kunong'ona kuti bambo ake, a Fletcher, akhwimira mwanayo kuti mpunga wawo uzichita bwino. A Fletcher anapirira chaka chimodzi, kenako anawoloka kupita kwa abale awo ku Mozambiki, osabwereranso.

Akamugoneka pamphasa, Rozaria ankangoona denga, ndipo phala linkamutsamwa. N'chifukwa chake amayi ake ankamubereka paliponse, kudimba, kuchigayo, kutchalitchi. Tsiku lina mu 1999 ali pa Boma, anamutsamiritsa pakona ya katoni ya sopo pakhonde la golosale kuti apumitse msana. Mwana anakhala. Mutu sunagwe. Maso ake anatsata njinga yomwe inkadutsa mpaka inakhota.

A Belita anapempha katoniyo. Kunyumba anaidula, n'kumata ndi phala la ufa wa chinangwa, kusanjikiza mapepala a matumba a simenti mpaka inalimba ngati thabwa. Mpando woyamba unaphwasuka ndi mkodzo. Wachiwiri chiswe chinadya. Wachitatu anaupaka vanishi wopempha kwa kalipentala, nauikira chotchinga pakati pa miyendo ndi kathebulo kutsogolo. Rozaria anayamba kudya osatsamwidwa, ndipo akakondwa ankagogoda kathebuloko ndi chibakera.

Anamwalira ndi chifuwa mu Febuluwale 2002, nthawi ya njala.

Maliro atatha, a Belita akamapeta pakhonde masanasana ankamva go, go, go m'nyumba. Ankasiya lichero n'kulowa. Mpando uli pakona, wopanda munthu. Kawiri konse anafika kudimba atamanga chitenje kumsana popanda mwana, ndipo anazindikira poona amayi anzawo angoti zii.

Chaka chotsatira panafika mayi wachitsikana wa ku Migowi, dzina lake Eneless, atabereka mwana womufunditsa nsalu ndi mutu womwe, dzuwa likuswa mtengo.

"Ndamva kuti muli ndi mpando, mayi," anatero Eneless. "Wangayu ali ndi zaka zinayi, sanakhalepo tsonga."

"Mpandowo uli ndi mwini wake," anayankha a Belita.

Eneless anali atamva za malirowo. Anayang'ana pansi, napepesa, n'kutembenuka kuti azipita. Nsalu ija inasereruka, mutu wa mwana n'kugwera kumbuyo, kukamwa kuli yasa. A Belita anagwira mzati wa khonde.

"Tabwererani. Mutsitseni ndimuone."

Anamuyeza ndi luzi, kuyambira m'mawondo mpaka m'chiuno, m'chiuno mpaka m'khwapa. Atamaliza anati, "Uwo sindipereka. Koma mubwere Lachisanu ndi makatoni atatu ndi ufa wa chinangwa. Mudzapanga nokha, ine ndizidzangokuuzani."

Eneless anabweradi. Patapita miyezi iwiri anabwera ndi mnzake wakutchalitchi, mnzakeyo n'kuuzanso wina. Pofika 2006, Lachisanu lililonse pabwalo la a Belita pankakhala amayi asanu ndi mmodzi kapena kuposa, makatoni ali mbwee, phala lomatira likuwira m'chitini. Anaphunzitsana kukulunga chogwirira cha supuni ndi mphira wa chubu kuti mwana azidya yekha. Ankakambirananso zomwe sakanakamba kwina, za apongozi onyoza, za amuna othawa, za mantha oti akadzafa iwo mwana adzatsala ndi yani. Lamulo la a Belita linali limodzi: wophunzira akaphunzitse wina kwawo.

Koma mipando ina inkabwerera. A Belita akaona njinga ikukhotera pakhomo pawo itanyamula mpando wopanda mwana, sankafunsa kanthu. Ankaupukuta, kuupakanso vanishi, n'kuusunga mwezi wathunthu asanaupereke kwa wina.

Lachisanu lina wobweza mpando anali bambo, a Cornelius a pa Boma. Anamasula mphira pakaliyala pang'onopang'ono.

"Amayi ake sakutha kuuyang'ana m'nyumbamo," anatero.

"Ikani apo, bambo."

Anauika, koma sanachoke. Anangoima pakati pa amayi aja, chipewa chili m'manja. A Belita anawayang'ana kanthawi, kenako anawapatsa mpeni ndi katoni, nawalozera mzere wa makala woti atsate. A Cornelius anakhala pansi n'kuyamba kudula. Anadula mokhota, nadulanso ina. Anabwera Lachisanu lotsatira ndi linzake, ndipo masiku onsewo dzina la mwana wawo sanalitchule.