Rauta m'Pepala la Buledi

Ndinanyamuka ku Kanyama 7 koloko m'mawa, rauta nditaikulunga m'pepala la buledi chifukwa mvula inali isanakate. Kabokosi kameneka ndi kamene kamatipatsa intaneti m'nyumba. Tabuleti ya ambuya, agogo anga omwe anandilera makolo anga atamwalira, ilibe polowetsa simu, ndipo foni yanga ndi ya mabatani.

Tsikulo 12 koloko, nthawi yoona odwala, msuweni wanga Limbani anati adzaimba pavidiyo ali m'chipatala ku Dedza, kutsidya kwa malire a dziko, kumene anagonekedwa a Nabanda, mng'ono wa ambuya. Awiriwa anaonana komaliza pamaliro a mayi anga. Madokotala anali atasiya kulonjeza kanthu.

Koma kwa masiku atatu rauta inkangoyaka nyali yofiira, yachikasu, kenaka n'kuzima n'kuyambiranso. Dzulo lake ndinatenga singano n'kubaya kabowo ka kumbuyo, monga ndinaonera ena akuchita. Itayaka, dzina la netiweki yathu linali litasowa.

"Ubwere msanga, mwanawe," anatero ambuya. Anali atavala kale duku la kutchalitchi.

Mumsewu wathu madzi anali m'mawondo. Mayi wina amabwereketsa majombo pa K5 kuti munthu akafike patala. Amene anandipatsa ine, onse awiri anali a kumanzere. Minibasi ya kutauni inali K10, ndipo kondakitala sanachedwe kuona katundu wanga.

"Sisi, ni buledi ya bwanji yamene ili na nyanga?"

"Ni rauta."

"Tipaseniko pasiwedi, tiziona matimu akumenya bola!"

Anthu anaseka. Ine ndinangoikumbatira.

Cha m'ma 9 ndinatsika pa City Market, n'kuyenda wapansi mpaka pasiteshoni ya Lumumba. Minibasi ya ku Matero, kumene kunali wokonza, inali K12, koma inayamba yadikira kudzaza. Ndinagula vitumbuwa viwiri, chimodzi ndinasungira ambuya.

Ba Yusufu, amene aneba anandiuza kuti ndiwo katswiri, ndinawapeza m'kontena yawo kuseri kwa msika 10 itadutsa. Nditatchula Dedza anakankhira pambali foni imene ankakonza.

"Naine batate banga banachokera kwamene uko, ku Machinga," anatero. "Leta kuno rauta tiione."

Anailumikiza ku magetsi. Mphindi khumi zinatha osazima. Anainunkhiza, kenaka ndi kachitsulo anasolola ulusi woyera m'timabowo ta m'mbali.

"Iyi rauta mumaivalika vovala?"

Nthawi yomweyo ndinakumbukira kansalu kamene ndinakasiya kunyumba. Ambuya amafunditsa kansalu koluka chilichonse chimene amachilemekeza: wailesi, Baibulo, chithunzi cha mayi anga. Sabata imeneyo analukira rauta kake, kochindikala, poti ndiyo inali kudzabweretsa nkhope ya mng'ono wawo. Ine amene anthu amati palibe chimandiphonya, ndinkakaona tsiku ndi tsiku, ndinakachotsa ndekha pobaya singano, n'kukabwezerapo.

"Imafuna mphepo iyi. Ikapya imazima yeka," anatero ba Yusufu. "Sembe munachosa chabe kansalu. Manje singano yanu inafafaniza vonse vamene vinali mukati."

Kuti zibwerere, panafunika kuilumikiza ku laputopu n'kulemba zonse mwatsopano. Atangoyamba, magetsi anathima, ndipo batire la laputopu yawo linafa kalekale. Tinadikira wometa tsitsi wa pafupi kuti alize jenereta. Ba Yusufu anamaliza hafu 11, analandira K50.

"Tiipase zina bwanji netiweki?"

"Lembani Nabanda."

Nthawi ya 12 inandipeza mumsewu wa Lumumba, kumbuyo kwa mathiraki osasuntha, rauta yochira ili pamiyendo. Mzibambo wa pambali panga ankaonera nthabwala pafoni yaikulu. Ndinayang'ana foniyo kwa nthawi yaitali. Sindinamupemphe kuti andibwereke, ndipo ngakhale ndikanamupempha, a Nabanda sankafuna nkhope yanga koma ya ambuya.

Ndinalowa m'nyumba 2 koloko itatsala pang'ono. Ambuya anali pampando womwewo, tabuleti ili m'manja. Nditalumikiza rauta, nyali zinayaka zobiriwira zonse, ndipo ndinalowetsa tabuleti pa netiweki yatsopano. Tabuleti inalira: Limbani anali ataimba kasanu ndi kamodzi, n'kusiya mauthenga awiri a mawu.

Woyamba unali wa a Nabanda, mawu ang'onoang'ono. "Achemwali, ndasamba, ndadzola mafuta kuti mundione bwino. Nanga muli kuti?"

Wachiwiri unali wa Limbani. Sanamalize chiganizo. Kumbuyo kwake azimayi ankalira.

Ambuya anamvetsera woyambawo katatu. Kenaka anandifunsa chimene chinavuta.

"Singano ija, ambuya."

Sindinanama, koma sindinanene zonse. Ndinapita ku Matero kukafuna chimene chinali pamaso panga m'nyumba mwathu, ndipo zimenezo n'zanga ndekha kusenza. Ambuya anatenga kansalu kaja, anakakung'untha, n'kufunditsa rauta mosamala monga amachitira ndi chithunzi cha mayi anga. Atatembenuka, ndinapinda m'mbali mwake pang'ono kuti mphepo izilowa.