Ndapepesa bwana asanauzidwe

Mundikhululukire akuluakulu, mwana ine kulemba pagulu la banja pano.

Timu ya masewera a hoke ya pa ayezi imene ndimaichapira mayunifomu kuno ku Birmingham yagulitsidwa lero. Popereka tiyi ndinamva eni ake atsopano akunena kuti manijala wathu, bambo Clive, achotsedwa ntchito.

Monga munandilerera, ndinapita ku ofesi kwawo n'kukhala pansi pakapeti, manja pamodzi ngati pamaliro. Ndinati, "Pepani bwana, zimachitika. Mulungu atsegula khomo lina."

Anasiya kutafuna sangweji. "Khomo lanji, Yamikani?"

Anali asanauzidwe.

Tsono ndamva kuti mndandanda wa antchito amene titsale aulemba ndi bambo Clive omwewo asanachoke Lachisanu. Amalume, ndipitenso mawa kukapepesa, kapena ndingokhala phee kochapira?