Mphuno Imodzi pa Khoma la Akatswiri

A Penti anali ndi vuto limodzi, ndipo tauni yonse inkalidziwa kupatula iwo eni: munthu aliyense amene ankamujambula ankatuluka ndi mphuno ya akazi awo.

Kwa zaka makumi atatu ankajambula akatswiri pakhoma lalitali la holo ya masewera, pansi pa aliyense n'kulembapo zimene anachita. Wankhonya uja anagwetsa anthu makumi anayi iye osagwapo, mphuno ya mayi. Wampira wa zigoli mazana asanu, mphuno ya mayi. Ngakhale wosambira wakunja wa mendulo zodzaza khosi, amene a Penti anangomuona pa kalendala, anavuuka m'madzi ndi mphuno yomweyo, yotambalala ngati supuni. Anthu akaseka, a Penti ankati ndi nsanje. Iwowo masewera sanachitepo, olo kuthamangira minibasi, koma mukawafunsa kuti wakutiwakuti anadumpha mamita angati, kuntchito muchedwa ndithu.

Tsono mwini mphunoyo pakhomapo panalibe. Chonsecho mayiwo ali mtsikana anali ndi liwiro loopsa. Anapambana mpikisano wa makilomita khumi opanda nsapato, kuwasiya a nsapato zodula akupumira m'mwamba, mpaka anasankhidwa kuti akapikisane kunja. Apo n'kuti a Penti atafika kale ndi tsitsi lopesa bwino ndi pakamwa potsekemera. Tsiku la ulendo litakwana, mayi anali ndi pakati. Kuthamanga kunathera pomwepo, ndipo chikho chimene anapambana chinasanduka mosungira mabatani pamwamba pa kabati.

Nkhaniyi m'nyumba sankaitchula, koma a Penti inkawadya mumtima. Kenako maso awo anayamba kuchita chifunga. Adokotala anawauza mosapsatira kuti za bulashi ayambe kuiwala, iwo n'kuwabisira akazi awo. Pakhoma panatsala malo amodzi okha, pafupi ndi chitseko cha kuchimbudzi, ndipo akomiti ya holo ankafunapo wopalasa njinga wina wotchuka. A Penti anagwedeza mutu kuvomera, koma mumtima anati njingayo akaipalasire kwawo. Ankadziwa kuti akapanda kuwajambula mayi tsopano, sadzawajambulanso.

Anatchinga malowo ndi lona, n'kugwira ntchito milungu iwiri, nkhope ili pafupi ndi khoma ngati akulinunkhiza. Tsiku lochotsa lonalo anavala jekete, n'kuwakoka akazi awo kuti akaone. Wapampando wa komiti anayamba kufunsa kuti nanga njinga ili kuti. Pakhoma panali mtsikana wopanda nsapato, nambala pachifuwa, akudula chingwe cha pomalizira mpikisano. Koma abale, mphuno! Kamphuno kakang'ono, kopendekera, kosadziwika mwini wake. Zaka zonsezi mphuno ya mayi inkagwera anthu osalakwa, lero pamalo pake yasowa. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Mayi sanaseke. Ankawerenga zolembedwa pansi, dzina ndi nthawi imene anathamanga pa mpikisano uja. A Penti, mwa chizolowezi cha zaka zonsezi, anali atawalemba ndi dzina la kubanja, lawo la a Pentiwo, zilembo zikuluzikulu.

"Bambo, za mphuno ndakhululuka," anatero mayi. "Koma ndi dzina ili sindinapambanepo kalikonse. Ndi dzina ili ndangochapa maovolosi."

A Penti anachita manyazi osasimbika. Anagwada pomwepo ndi jekete lawo, n'kufufuta dzinalo ndi penti yoyera, kuti alembe la bambo a mayiwo, limene ankaliitana pabwalo tsiku lija. Chilembo choyamba chinakwera phiri. Chachiwiri chinakwera pamsana pa chinzake. Mayi anayang'ana zilembozo, n'kuyang'ana kamphuno kaja, kenako anawayang'ana amuna awo m'maso nthawi yaitali.

"Maso aja afika pamenepa, inu osanena?"

A Penti anaviikanso bulashi m'penti. Mayi anaika kachikwama kawo pansi, n'kugwada pambali pawo, maondo akulira. Anagwira dzanja la amuna awo n'kuliyendetsa pang'onopang'ono, chilembo ndi chilembo, mpaka dzina lonse linaima bwinobwino.

"Musadzuke," anatero, dzanja lija osalisiya. "Nthawinso mwandibera. Chotsanipo masekondi khumi ndi awiri."